Kochi Wathu Wofulatira Bwalo

Mukafunsa aliyense m'tauni yathu za a Manong Takyo, ngakhale amayi ogulitsa nsomba zouma amene kubwalo la mpira sanapondeko, yankho ndi limodzi: "Aja ankakhala chofulatira aja?" Eya, omwewo. Manong ndi mawu aulemu a kuno poitana bambo wamkulu. A Eustaquio Belarmino, poti ndilo dzina lawo lenileni, anali kochi wa timu ya mpira ya koleji yathu ya Santa Rufina kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo pa zaka zonsezo masewero a timu yawo anawaona ndi maso katatu kokha. Ena onsewo ankakhala pampando wapulasitiki, msana kubwalo, nkhope kumunda wa nzimbe, ine ndili pambali pawo kuwauza zomwe zikuchitika. Ine amene, Perpetua Dumalagan, woyang'anira laibulale, munthu amene mpaka lero ofusayidi sindiimvetsa ndipo musavutike kundifotokozera, ambiri ayesapo.

Mpira anauyambira pomwe amayambira mwana aliyense wa kuno, pabwalo la kumaso kwa tchalitchi, wopanda nsapato. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi timu ya asilikali inawatengera ku Manila, likulu la dziko lathu, nkuwapatsa nsapato zoyamba m'moyo wawo. Iwo ankati miyezi itatu yoyamba ankasewera ngati munthu wobwereka mapazi a mnzake. Atazizolowera, anthu anayamba kuwadziwa. Zigoli zomwe anamwetsa kumeneko sindingakuuzeni, chifukwa zinkachuluka chaka ndi chaka ngakhale atasiya kusewera. Chomwe ndikudziwa nchakuti atafika zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu bondo lakumanja linayamba kudandaula, anabwerera kuno ku Iloilo ndi chikwama chimodzi, ndipo mkulu wa koleji, a Padre Anselmo, anawapatsa timu pamodzi ndi kachipinda kogonamo kuseri kwa mosungira mipira. Mkazi analibe, ana analibe. Anali ndi bwalolo basi.

Vuto linali lakuti mutu wawo unamva kuti mpira asiya, koma miyendo palibe anaiuza.

Masewero awo oyamba ngati kochi tinakumana ndi koleji ya zaulimi ya tauni yoyandikana nayo. A Manong anabwera atatchena malaya oyera osita bwino, cholembera chili m'thumba. Kutatsala mphindi zochepa, palibe wachinya mnzake, ife tinapeza kona. Mpira unakwera, mitu inadumpha, ndipo mutu umene unaumenya nkuulowetsa mu golo unali wadazi pang'ono. Anthu anachemerera kaye asanayambe kudabwa. Woyimbira anawerenga osewera athu kawiri, nkupeza khumi ndi awiri, mmodzi ali ndi cholembera.

"Manong, inu ndinu ndani pano?" anafunsa woyimbira.

"Kochi."

"Nanga mukutani muno?"

A Manong anayang'ana golo, anayang'ana benchi yomwe anaisiya kutali uko, nkuyang'ana nsapato zawo zamuofesi. "Inenso ndikufuna ndidziwe," anatero.

Anawakhululukira poti kunali koyamba. Sabata yotsatira mnyamata wa timu ina anathawa ndi mpira m'mbali mwa mzere, pafupi ndi benchi yathu. Sanapite patali. A Manong anamugwetsa mwaukhondo kwambiri, anamudzutsa, anamusasa fumbi, nkumulangiza kuti tsiku lina asamautalikitse mpira ndi phazi. Mnyamatayo mpaka anathokoza.

Kalata ya akuluakulu a ligi anabwera nayo pamanja ndi a Ceferino Lagunday, amene tonse timawatchula kuti a Pinong. Amenewa anali woyang'anira masewero a ligi, koma kale anali wotchinga kumbuyo ku Manila komweko, ndipo a Manong anawadoda kwa zaka khumi osawapatsa mpata wopuma. Kalatayo anaiwerenga okha mokweza muofesi ya a Padre, akumwetulira ngati munthu amene walandira mphatso. Inati phazi la a Belarmino likadzangodutsanso mzere mpira uli mkati, basi, kwatha. Sadzaloledwanso pabwalo lililonse la ligi moyo wawo wonse, kaya ngati kochi, kaya woonerera, kaya wogulitsa mtedza.

Musaseke kwambiri pamenepa. Munthu ameneyu mukanamuchotsa pabwalo, mukanangomukumbiratu manda. A Padre ankadziwa, ifenso tinkadziwa.

Poyamba anayesa chingwe. Pamasewero oyeserera anawamangirira kubenchi, ndipo oona ndi maso amati anaikoka benchiyo mpaka pakati pa bwalo, anyamata atatu ali chikhalire pomwepo. Anayesa kuwavala nkhwaira zazikulu kuti azilephera kuthamanga, anazivula osadziwa kuti azivula. Mapeto ake nzeru inachokera kwa eni ake.

"Padre, miyendo yangayi imamvera maso. Ndikapanda kuona, siinyamuka. Tembenuzani mpando."

"Nanga timu muziiyendetsa bwanji?"

"Mundipezere munthu woti aziona m'malo mwanga."

Tsiku lomwelo a Padre anabwera ku laibulale. Anati andisankha chifukwa ndikati "chete" amamva ndi a kukhitchini komwe.

"Padre, ine mpira sindiudziwa," ndinatero.

"Ndiye bwino kumene. Inu simungathamangire m'bwalo."

Ndinawakumbutsa kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Iwo anati za m'maluwazo ndi zomwe tili nazo, ndipo Loweruka ndikapezeke kubwalo.

Loweruka ndinapita ndi ambulera ndi mkwiyo wanga. A Manong anali atakhala kale, akuyang'ana nzimbe. Wezulo inalira.

"Inday, mpira uli kuti?" Ankanditchula choncho, ngati kamtsikana, mpaka imvi zinandimera.

"Uli m'mwamba."

"Ukupita kuti?"

"Ukutsika."

Anapuma mozama. "Watsikira kwa ndani?"

Apa ndiye panali ntchito, chifukwa anyamatawo maina awo sindinkawadziwa. Ndinkawadziwa ndi machimo awo a mu laibulale.

"Kwa uja amagona kuseri kwa mabuku a malamulo."

"Ndani ameneyo?"

"Wapatsira uja amapinda masamba. Wopinda masamba wagwa. Wadzuka. Akukangana ndi bambo wavala zakuda uja. Bambo ameneyu ndi wa timu iti? Chiyambire sanaugundepo mpira."

"Ameneyo ndi woyimbira, Inday."

"Ndiye azipita kunja, akutsekereza anzake."

Chigawo choyamba chinatha choncho. Chachiwiri chitangoyamba mutu wanga unaima. Anyamata athu onse khumi anali akuthamangira kugolo yomwe ankaiteteza poyamba, ndipo goloboyi wathu anali atakaima mu golo ya eni ake popanda womuthamangitsa.

"Manong, anyamata anu apenga. Onse akulowera kolakwika."

"Kolakwika kuti?"

"Kwathu. Akufuna kudzichinya okha."

A Manong anaimirira, akuyang'anabe nzimbe, nkuyamba kukuwa kuti aliyense abwerere. Anyamata atamva kochi akukuwa anabwereradi, onse, nkuunjikana kumaso kwa goloboyi wawo osadziwa chifukwa chake. Timu inayo inadabwa kupeza bwalo lonse ndi lawo, nayo inabwera yonse mpaka otchinga kumbuyo. Kenako wogona kuseri kwa malamulo uja anangoumenya mpira kutsogolo kuti apumeko, wopinda masamba nkuuthamangira yekhayekha mpaka mu golo. Tinapambana. Zoti matimu amasinthana mbali ndinauzidwa Lolemba, ndipo ndinafunsa chifukwa chake, palibe anandiyankha zogwira mtima.

Kuyambira pamenepo a Manong anayamba kuuza anthu kuti ine ndili ndi diso. Ndinakana, sanamve. Tsiku lina ndinangonena kuti mnyamata wina akuoneka wokhumudwa, iwo nkumutulutsa pomwepo. Wolowa m'malo mwake anamwetsa zigoli ziwiri. Wokhumudwa uja tinamva pambuyo pake kuti chibwenzi chinamuthera m'mawa womwewo. Nanga ine ndikanadziwa bwanji? Ndinangoona kuti masokosi wavala osiyana.

Kunena zoona, nawonso anali ndi khutu. Ankatha kumva kulira kwa mpira nkunena kuti, "Ameneyo ndi Toto Gaspar, wamenyanso ndi chala. Muuze kuti ndamva." Ndipo amakhaladi Toto Gaspar. Koma khutu nalo lili ndi polekezera. Tsiku lina anakhala mphindi khumi akukuwa malangizo, uyu apite apa, uyu atseke apo, akuyamikira kuti anyamata akhala chete ndipo akumvera. Chonsecho mpira unali utaima chifukwa njati yolimira ya munthu wina inali italowa m'bwalo nkugona pamalo omenyera penate. Sindinawauze msanga. Ankaoneka kuti akusangalala.

Titatenga chikho choyamba, nkhani inafika mpaka mumzinda. Kunabwera mtolankhani kudzafunsa za njira yatsopano yophunzitsira mpira. A Manong anamuuza chilungamo, kuti akuopa kuchotsedwa ntchito. Mtolankhaniyo anaseka nkulemba kuti ndi munthu wodzichepetsa amene amaona mpira ndi mtima. Sabata yotsatira kochi wa koleji ya zaulimi nayenso anatembenuza mpando wake, nkuika mkazi wake kuti azimufotokozera. Tinawachinya zigoli zisanu ndi chimodzi, ndipo banjalo linapita kunyumba pa magalimoto osiyana.

Anthu a m'tauni muno, poti pakamwa pawo sipakhala chabe, anayamba kunena kuti pakati pa ine ndi a Manong pali kanthu. Panali kanthu ndithu: panali ambulera. Tinkakhala moyandikana Loweruka lililonse, wina kuyang'ana kum'mawa wina kumadzulo, ndipo mpira ukatha tinkapita kukamwa msuzi wa batchoy pamsika, iwo nkumandifotokozera masewero omwe ndaonera ine. Ngati chimenecho ndi chibwenzi, ndiye nachonso ndi chimodzi mwa zinthu zomwe palibe anandifotokozera.

A Pinong sanaphonyepo masewero athu. Mabwalo a ligi alipo ambiri, koma iwo ankapezeka kwathu, ataima pafupi ndi mzere, fomu m'dzanja, cholembera kukhutu. Nthawi zina ankasendera pafupi.

"Takyo, tangotembenuka pang'ono aise. Kamnyamata kako kakudoda anthu ngati iwe kale. Ukuphonya zabwino."

"Khala pansi, Pinong. Mpaka lero ukundifunafunabe pomwe ndinakusiya paja?"

"Ndidzakugwira."

"Unkatero ndi ku Manila."

Kenako ankagawana ndudu, wina akuyang'ana mpira, wina nzimbe.

Zaka zinapita. Tinatenga zikho zitatu, tinaluzanso masewero ambiri, ndipo sindinganame kuti ndinkaona kusiyana kwa masiku opambana ndi oluza. Bondo la a Manong linakula msinkhu kuposa mwini wake. Anayamba kuphunzitsa ataima malo amodzi, kenako atatsamira mtengo wa golo, kenako ndi ndodo. Tonse tinkawaona akutsimphina popita kumsika, akupumira panjira kawiri. Koma likafika Loweruka, mpando tinkautembenuza ndi mantha omwe aja, ndipo mphepo ikagwetsa chipewa chawo chakubwalo anyamata ankathamangira kukatola kuti iwo asacheuke. Zoti munthu wolephera kufika kumsika sangafike pagolo, palibe ndi mmodzi yemwe anaziganiza. Ine ndemwe, wa diso uja, sindinaziganize.

Chaka chawo chomaliza dokotala anawauza kuti matenda a shuga afika m'maso, ndipo pofika chaka chamawa mwina adzangoona mdima ndi kuwala. Anandiuza tili pamsika, akuvundula msuzi osamwa.

"Loweruka ndi masewero omaliza apakhomo. Chigawo chachiwiri ndikufuna ndione."

"Manong, a Pinong adzakhalapo."

"Ndikudziwa."

"Mukadutsa mzere ndiye kuti basi. Ngakhale kudzakhala pansi pa mtengo kumvera sadzakulolani."

"Ndikudziwa, Inday. Koma ana amenewa ndawaphunzitsa zaka zonsezi, sindinawaonepo akusewera zenizeni. Ndimwalire osawaona?"

Ndinapsa mtima.

Nkhani inamveka tauni yonse. Loweruka kunadzaza anthu mpaka m'mitengo, ndipo palibe anabwera chifukwa cha mpira. A Padre Anselmo, amene tsopano anali okalamba kwambiri, anabwera ndi korona m'manja. Anyamata awiri amphamvu anadzipereka kuti awagwire lamba, a Manong anakana. Chigawo chachiwiri chitayamba anaimirira, anagwira mpando wawo, nkuutembenuza okha. Bwalo lonse linangoti zii. Ngakhale osewera ankangocheukira kubenchi, mpira nkumawadutsa m'miyendo.

Anaonera mphindi zingapo. Kenako anakwinya nkhope.

"Inday, bwanji mbali iyi kulibe munthu?"

"Kumanja? Kumakhala choncho nthawi zonse. Ndakhala ndikukuuzani kuti kumanja kuli mpata."

"Kumeneko ndi kumanja?"

"Kumanja kwanga."

Anayang'ana dzanja lawo, anayang'ana langa, nkuyang'ana mpando. Ndi pomwe tonse awiri tinazindikira. Ine ndinkayang'ana kubwalo, iwo kunzimbe, choncho kumanja kwanga kunali kumanzere kwawo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndikati kwabooka uku, iwo ankaloza ndi dzanja nkutumiza anthu kukatseka uko. Anyamata a mibadwo yonse ankangomvera, poganiza kuti kochi akudziwa chinachake.

"Ndiye zikho zitatu zija tinazitenga bwanji?" anafunsa.

"Musandifunse ine."

Anaseka mpaka misozi. Ndinaganiza kuti zathera pomwepo, mtima wanga nkuyamba kukhala pansi. Koma posakhalitsa osewera awiri anawombana, onse nkugwa, mpira nkugubuduka wokha chakufupi ndi ife, nkudzaima mkati pang'ono mwa mzere. Panalibe aliyense pafupi. Kutsogolo kwake kunali njira yoyera mpaka kugolo.

Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Ananyamuka, ndodo nkugwa. Ndinafuna kuwagwira malaya, dzanja langa silinafike. A Pinong anachotsa cholembera kukhutu.

Kuchokera pampando kufika pamzere panali mapazi asanu ndi limodzi. Loyamba linali la Takyo wakale wa ku Manila uja. Lachiwiri bondo linakana. Anadzikoka, mapewa akuthamanga, manja akuthamanga, miyendo ikubwera pambuyo mwakufuna kwake. Ali pa phazi lachinayi, mnyamata wa timu ina anafika, anautenga mpira nkuumenyera kutali, masewero onse nkusamukira tsidya lina. A Manong anapitirizabe mpaka anafika. Anaima chala cha nsapato chitatsala pang'ono kukhudza laimu wa mzere, akupuma ngati akwera phiri.

Palibe anaseka. A Pinong anayang'ana fomu yawo nthawi yaitali, kenako anaipinda nkuiika m'thumba lakumbuyo. Anatembenuka, nkuyang'ana kunzimbe.

"Lowa, Takyo," anatero chapansipansi. "Sindikuona."

"Ndikalowe kukatani, Pinong? Mpira wapita."

Kenako a Pinong anawagwira mkono nkubwerera nawo kumpando, pang'onopang'ono, akulu awiri otopa. A Manong atakhala pansi anandiyang'ana.

"Nditembenuze, Inday."

"Simukufunanso kuona? Kwatsala mphindi makumi awiri."

"Ndaona. Uzinena iweyo. Ukamanena iwe, mpira uliwonse ndimaupeza."

Ndinawatembenuza. Ndinafotokoza mphindi zotsalazo, ndipo ndikuvomereza kuti ndinanama kwambiri. Mipira yotayika ndinaichulutsa dala, yonse pafupi ndi mzere. Masewerowo kaya tinapambana kaya tinaluza, funsani ena.

Anatisiya nyengo yodula nzimbe isanathe, m'kachipinda kawo komwe kaja, asanaletsedwe kufika pabwalo lililonse. Kumaliro kunabwera amuna a mimba zawo, maloya, aphunzitsi, oyendetsa sitima zapamadzi, aliyense akudzitchula kwa ine ndi tchimo lake la mu laibulale kuti ndimukumbuke. A Pinong anasiya ntchito ya ligi mwezi womwewo. Amati maso awo nawonso atopa, koma ndimawaona akuwerenga nyuzipepala popanda magalasi.

Pano tili ndi kochi wachinyamata wochokera ku Manila, wa mapepala ake, waulemu. Amaima choyang'ana kubwalo, amaona zonse, amadziwa kumanja ndi kumanzere, ndipo sasowa munthu womuuza kanthu. Timapambana, timaluza, monga kale. Bwalo ndi lomwe lija, koma kumbali ya benchi kuli ngati nyumba yomwe asamukamo. Ine ndinapuma ntchito, komabe Loweruka ndimapita, nkukakhala pakati pa anthu onse. Sabata yatha mtsikana wina wa chaka choyamba, amene sakundidziwa, anandigwira pamkono.

"Pepani mayi, mukuyankhula ndi ndani?"

Sindinadziwe kuti pakamwa panga pakuyenda. Ndinamuuza kuti asamale zake, koma ndinachita manyazi nkutseka pakamwa. Ndinakhala choncho mpaka wezulo yomaliza, maso ali pabwalo, anthu akuimirira, akukhala, akuchemerera. Ndikutuluka pachipata munthu wina anandifunsa kuti mpira wayenda bwanji, ndipo ndinasowa chonena. Ndinali nditayang'ana mphindi zonsezo osaona kanthu. Zikuoneka kuti diso lija silinali langa ndekha, linkafuna munthu womuuza.